CHIKOLE CHA MASHEYA: PHUNZIRO LA PAMSIKA WA LIMBULI

Aŵerengi, tiyerekeze kuti tili pamsika wa Limbuli ku Mulanje nthaŵi yokolola, chimanga chochokera ku Milange chitadzaza. Mphunzitsi wina apereka kandalama kwa wamalonda kuti adzamgulitse thumba mwezi wa January pa mtengo walero. Njala ikakweza mtengo, mphunzitsiyo wapindula. Mtengo ukatsika, angathe kulisiya thumbalo, koma kandalama kaja sikabwerera.

Pa malonda a masheya pangano lotere limatchedwa option, ndipo pano tilitcha chikole. Msika wa zikolezi unatsegulidwa ku Chicago mu 1973, ndipo mu 1990 unayamba kugulitsa zikole za nthaŵi yaitali, zotchedwa LEAPS, zimene zimafika zaka ziŵiri kapena zitatu.

Tsono mtengo wa sheya ukasintha, chikole chimatani? Titenge sheya ya K100, ndi chikole cha K20 chopatsa munthu ufulu woigula pa K100 m'kati mwa zaka ziŵiri. Sheyayo ikakwera ndi K10, chikole chimakwera ndi pafupifupi K6 chabe, popeza zamaŵa sizidziŵika ndipo mtengo ungathe kubwerera. Muyeso wa kutsatanaku akatswiri amautcha delta.

Koma taonani: mwini sheya wapindula 10 pa 100 iliyonse, pamene mwini chikole wapindula 30 pa 100 iliyonse. Potsikanso nchimodzimodzi, K6 yotayika pa K20 ndi bala lalikulu. Ndipo zaka ziŵiri zikatha sheya ili pa K95, mwini sheya akadali ndi chuma m'manja, koma wachikole watsala chimanjamanja.

Kusiyana kwake ndi chikole cha sabata imodzi ndi uku: chachifupicho chimajowa, pakuti mtengo ukangodutsa K100 chimatsata sheya pafupifupi kwacha ndi kwacha, ndipo ukatsika pang'ono chimafota msanga. Chachitali chimayenda mofatsa, ndipo mtengo wake umatha pang'onopang'ono kufikira miyezi yomaliza, pamene umayamba kusungunuka mofulumira.

Kuno kwathu msika wa masheya wa ku Blantyre unayamba malonda mu 1996 ndi masheya a NICO. Wina akadzakutsatsani chikole m'malo mwa sheya, mfunseni kaye tsiku limene chidzathere.

Gawo lotsatira tidzaona m'mene kugwedezeka kwa mitengo kumakwezera mtengo wa chikole.