Mbumba ya Afisi

Zimandiwawa kumva fisi akungotchulidwa pa nkhani za umbava ndi ufiti, chonsecho ndi nyama yadongosolo kwambiri. Gulu la afisi amawangamawanga akatswiri amalitcha clan, ndiye kuti fuko, ndipo limatha kukhala ndi afisi 80. Ine ndimati mbumba, chifukwa olamulira ndi aakazi.

Mwana amatengera udindo wa mayi ake. Akapha nyumbu, fisi wamphongo wobwera amayamba wadikira kuti kamwanako kadye, ngakhale amakaposa msinkhu. Ana aakazi amakalambira pakwawo, koma aamuna akakula amakalowa fuko lina ngati akamwini, n'kuyambira pansi penipeni. Izi ndi zomwe katswiri wina, Kay Holekamp, wakhala akuziona ku Masai Mara, m'dziko la Kenya, kuyambira 1988.

Ndiwonjezeko: nyama yambiri yomwe afisiwa amadya amasaka okha, sangodalira zosiya mkango.