Nkhokwe za Intaneti Zikayandikira, Ntcheu Apindulanji?

Mlimi wa ku Tsangano akatsegula foni kuti afufuze mitengo ya mbatata ya kachewere, kapena wophunzira wa ku Bilira akamafuna zowerenga, uthenga umene akuufunawo sukhala m'foniyo ayi. Umasungidwa m'makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, omwe ali ngati nkhokwe. Kutalika kwa mtunda wopita ku nkhokwezo kumakhudza mtengo wa intaneti ndi liwiro lake.

Nkhokwe zambiri zili kutali, ku Johannesburg, ku Ulaya ndi ku America. Popeza dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, uthenga umadutsa m'maiko monga Tanzania ndi Mozambique kuti ukafike ku nthambo za pansi pa nyanja, monga SEACOM, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Njira imeneyi imalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo mtolo wake umakathera pamutu pa wogula bandulo. Nthambo ikaduka kunjako, ntchito zimaima kuno.

Mankhwala a vutoli ndi awiri. Oyamba ndi malo okumanirana makampani a intaneti m'dziko momwemo. Mu 2008, ku Blantyre kudakhazikitsidwa Malawi Internet Exchange, kuti uthenga wochoka pa kampani ina kupita pa inzake usamazungulire kunja. Popanda malo otere, zili ngati kalata yochoka ku Lizulu kupita ku Kampepuza ikuyamba yakafika ku London. Achiwiri ndi kumanga nkhokwe zakezake. Mu 2022 boma lidatsegula National Data Centre ku Blantyre, yosungiramo uthenga wa ntchito za boma. Kanema kapena buku limene anthu ambiri amalifuna likasungidwa m'dziko muno, limaoloka malire kamodzi kokha, kenako aliyense n'kumalitapa pafupi.

Komabe nkhokwe yopanda chimanga siithetsa njala. Boma la Ntcheu lili ndi zambiri zoyenera kulembedwa ndi kujambulidwa m'chiyankhulo chimene anthu amamva: mitengo ya pa misika ya Lizulu ndi Tsangano, malangizo a ulimi wothirira ku chigwa cha Bwanje, ndondomeko za chitukuko za khonsolo, komanso mbiri ya Angoni a kwa Inkosi ya Makhosi Gomani. Ngakhale sukulu ya kumudzi ingathe kukhala ndi seva yaing'ono yoyendera mphamvu ya dzuwa, yomwe ophunzira angawerengeremo mabuku popanda kugula bandulo.

Anthu a m'mawodi ali ndi gawo lawo. Kudzera m'makomiti a VDC ndi ADC, angathe kuika magetsi ndi intaneti ya m'sukulu ndi m'zipatala pa mndandanda wa zofunika, ndi kupempha makhansala awo kuti akafunse za thumba la Universal Service Fund, lomwe bungwe la MACRA limayendetsa pofuna kufikitsa mauthenga m'madera osiyidwa. Mafumu ndi anthu awo ayeneranso kuteteza nthambo ndi nsanja za mafoni kwa akuba, chifukwa nthambo imodzi ikadulidwa, midzi yambiri imasowa polumikizira.