Dzina la Bizinesi Si Kampani

Kuno ku Chelstone magulu ambiri a m'parishi amaweta nkhuku, ndipo alimi a m'mbali mwa mseu wa Great East amatumiza ndiwo m'tauni. Ena akapita ku PACRA, ku Longacres, amalembetsa dzina la bizinesi cabe, nabwerako akunena kuti atsegula kampani. Abale anga, ziwirizi n'zosiyana.

Dzina la bizinesi, monga mwa lamulo la 2011, ndinu nomwe mutabvala dzina lina. Citopa cikalowa m'khola ngongole ya cakudya ca nkhuku isanathe, wokukongozani angafike mpaka pa katundu wa m'nyumba mwanu. Kampani ya Limited, yolembedwa pa lamulo la makampani la 2017, imaima payokha: ngongole ndi yake, inu mumataya cabe zimene munaikamo kapena munalonjeza kuikamo. Koma cenjerani. Mukasaina ku banki kuti kampani ikalephera mudzalipira ndinu, citetezo cimeneci catha.

Pafunika anthu osacepera awiri, ma NRC ao, ndi dzina limene PACRA yabvomereza kuti palibe wina ali nalo. Misonkho ndi ya ku ZRA, pa nambala ya TPIN. Caka ciliconse muzipereka annual return, ngakhale simunagulitse dzira limodzi. Mukaleka, kampani ingafafanizidwe m'kaundula.

Ndipo musalembe alamu anu kukhala director pofuna kungokwaniritsa anthu awiri. Zinthu zikabvuta, lamulo lidzawafunsa naonso za ndalama zimene sanazionepo.