Kodi mumadziwa kuti mixer ndiyo iyenera kuyamba kuyatsidwa?

Kaya ndi pa Nc'wala ku Mtenguleni, pa Kulamba ku Mkaika, kapena m'tchalitchi mu Chipata, mawu ochokera m'maikolofoni amadutsa kaye mu mixer asanamveke m'masipika. Poyatsa, yambani ndi mixer, ampulifaya ibwere pomaliza. Pozimitsa, yambani ndi ampulifaya. Mukasemphanitsa, masipika amalira kuti phu! ndipo kugunda kumeneko kumatha kuwawononga. Magetsi akathima, zimitsani ampulifaya musanalize jenereta.

Pa mixer, batani lolembedwa 48V limatumiza magetsi kudzera m'chingwe cha maikolofoni chomwecho. Amene amawafuna ndi maikolofoni a condenser. A dynamic, omwe oimba amagwira m'manja, amagwira ntchito popanda magetsiwo. Kanyale kofiira koonetsa kukwera kwa mawu kakamayaka, ndiye kuti mawu ayamba kuphwanyika, tsitsani batani la gain.

Chimene chimandiwawa ine ndi fumbi. Kulamba imachitika mu Ogasiti, mphepo ili pachimake, ndipo fumbi limalowa m'timipata ta mafeda mpaka amayamba kukhwekhwereza mukawakankha. Nc'wala imachitika mu Febuluwale, m'dzinja, pamene chinyezi chimadya zitsulo zam'kati. Mukamaliza ntchito, pukutani mixer ndi kabulashi kofewa, osati madzi, kenako muiphimbe ndi nsalu youma.