Nyimbo Tisanalowe M'bwalo: Kodi Zimathandizadi?

Anzanga achinyamata, aliyense amene anasewerapo mpira wamiyendo akudziwa mmene thupi limakhalira kukatsala mphindi zochepa kuti woyimbira aimbe wezulo. Mtima umagunda ngati ng'oma, m'manja mumatuluka thukuta, m'mimba mumabwadamuka. Ena zimawachitikira mosiyana: thupi limangoti lefu ngati sanagone. Lero ndikufuna tikambirane za chida chosalira ndalama zambiri chimene chimathandiza pa mavuto onse awiriwa. Chida chake ndi nyimbo.

Kodi nyimbo imachita chiyani m'thupi?

Munthu wamkulu akangokhala phee, mtima wake umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. Akamva nyimbo yothamanga, ubongo umagalamuka, mtima ndi kupuma zimafulumirako, ndipo thupi limakonzekera ntchito. Chachiwiri, maganizo athu satha kutsata zinthu zambiri nthawi imodzi. Ukamatsatira ng'oma, umasiya kuganizira za womwetsa zigoli wa timu inayo amene aliyense akumuopa. Chachitatu, nyimbo imakumbutsa. Ija munaimba tsiku limene munapambana, mukaimvanso imabweretsa kulimba mtima kwa tsikulo.

Katswiri wina, Costas Karageorghis wa pa yunivesite ya Brunel ku London, wafufuza za nyimbo ndi masewera kwa zaka zambiri. Iye ndi anzake anapeza kuti anthu ambiri akamachita masewera olimbitsa thupi amakonda nyimbo zogunda pafupifupi ka 120 mpaka ka 140 pa mphindi. Kudziwa liwiro la nyimbo yanu n'kosavuta. Werengani kugunda kwake kwa masekondi 15, kenako chulukitsani ndi 4. Mukapeza 30, ndiye kuti ndi 120. Mukapeza 35, ndi 140.

Akatswiri a masewera nawonso amazidziwa izi. Mu 1998, wothamanga wa ku Ethiopia, Haile Gebrselassie, anaphwanya mbiri ya dziko lonse pa mtunda wa mamita 2,000 pa bwalo la m'nyumba ku Birmingham, nyimbo ya Scatman ikulira, iye akuponda motsatira kugunda kwake.

Moto ukachuluka umapsereza

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa. Si kuti ukatenthedwa kwambiri ndiye kuti usewera bwino kwambiri, ayi. Kale mu 1908, akatswiri awiri, Yerkes ndi Dodson, anaonetsa kuti kugalamuka kumathandiza kufika pa mlingo wina wake, koma kukapitirira ntchito imayamba kuonongeka. Tonse tinamuonapo mnyamata wolowa m'bwalo maso ali psuu, mphindi khumi zisanathe wathyola mnzake mwendo, khadi lofiira, timu yatsala ndi anthu khumi. Kumeneko si kulimba mtima, ndi phuma basi.

Choncho dzifunseni kaye: kodi ine ndine wotani? Ngati mumakhala waulesi masewero asanayambe, sankhani nyimbo zothamanga. Ngati mumachita nthumanzi mpaka miyendo kunjenjemera, mukufunika nyimbo yodekha, kaya ya rege kaya yauzimu, kwinaku mukupuma mozama. Goloboyi ndi woponya mapenate amafunika mutu wozizira kuposa wina aliyense.

Ine ndimalangiza anzanga kukonza nyimbo m'magawo atatu. Pa ulendo wopita ku bwalo, ikani zodekha kuti musathe mphamvu msanga. Povala yunifolomu, ikani zapakatikati. Zothamanga zija zisungireni nthawi yotenthetsa thupi. Nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi zakwana, ndipo muziziyesera pa tsiku lokonzekera, osati kukayambira pa tsiku la chikho. Mphunzitsi akayamba kupereka malangizo, zimitsani zonse.

Kuimba pamodzi kumaposa mahedifoni

Wina ati, “Aise, ine foni ndilibe.” Musadandaule, pakamwa muli napo. Mahedifoni amakonza munthu mmodzi, koma mpira ndi wa anthu khumi ndi mmodzi. Mukamaimba limodzi mumapuma limodzi, mumaponda limodzi, ndipo wamantha uja amaona kuti sali yekha.

Kumbukirani anzathu a Chipolopolo a ku Zambia mu 2012. Pa ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Libreville, anakumana ndi Ivory Coast ya Didier Drogba, yomwe anthu ambiri ankati itenga chikho. Masewero anafika pa mapenate, ndipo anyamata a Zambia ankaimba pamene anzawo ankapita kukaponya. Anapambana 8 kwa 7. Nawo a Bafana Bafana, pa chikho cha dziko lonse cha 2010, ankaimba ndi kuvina podikira kulowa m'bwalo. Ku England, ochemerera Liverpool amaimba You'll Never Walk Alone masewero asanayambe, mwambo womwe unayamba m'zaka za m'ma 1960.

Kwathu kuno si zachilendo. Ingoma ya Angoni ndi gule wa ankhondo, wolimbitsa mitima. Amayi pamtondo amaimba kuti misi itsike mosinthana bwino. Opalasa bwato kunyanja nawo ali ndi nyimbo zawo. Ndiye timu yanu ilephera bwanji kukhala ndi yakeyake?

Zoyenera kusamala

Choyamba, makutu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti tisamakweze mawu kupitirira magawo 60 pa 100 alionse a mphamvu ya chipangizo. Khutu likaonongeka ndi phokoso silibwerera mwakale. Komanso musavale mahedifoni poyenda pamsewu kapena popalasa njinga.

Chachiwiri, mawu a nyimbo. Nyimbo zotukwana, zonyoza mtundu wa anthu ena kapena zonyazitsa atsikana zimabutsa ndewu. Imbani zotamanda timu yanu, osati zolalatira anzanu.

Chachitatu, pali ena amene amati chamba kapena kachasu ndiye zimachotsa mantha. Limenelo ndi bodza. Mowa umachedwetsa maganizo ndipo umaumitsa thupi, pamene chamba chimasokoneza kuweruza mtunda ndi liwiro la mpira, komanso n'choletsedwa pa mipikisano. Nyimbo imakupatsa moto popanda kukulanda nzeru.

Pomaliza, nyimbo si chithumwa. Amene sanapite kokonzekera, sanagone bwino kapena sanadye, ngakhale amvere nyimbo yokoma bwanji, chigawo chachiwiri adzakhala lilime lili panja.

Zokambirana ku kalabu

Sabata ino, aliyense abwere ndi nyimbo imodzi, muwerenge limodzi kugunda kwake. Kenako kambiranani: ndani m'timu mwathu amafunika kudzutsidwa, nanga ndani amafunika kukhazikitsidwa mtima pansi? Mukatero pekani nyimbo yanuyanu yolowera m'bwalo. Atsikana a mpira wamiyendo ndi a ntchembere mbaye, nkhaniyi ndi yanunso. Tilembereni mmene zayendera.