"Mawa usabwere": mawu awiri omwe angadye mpamba wa golosale

Nyengo yokumba mbatata ya kachewere ikafika, misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Dedza, monga Bembeke, Chimbiya ndi Linthipe, imadzaza anthu ofuna ntchito. Ena amasankha mbatata, ena amasoka matumba, ena amakweza m'malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Eni magolosale, zigayo ndi malo odyera nawonso amawonjezera antchito poti ndalama imakhala ikuyenda. Malonda akayamba kuvuta, ambiri mwa antchitowa amangouzidwa kuti mawa asabwere, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amalonda ambiri amakhulupirira kuti bizinesi ikakhala yawo, angachotse munthu tsiku lililonse popanda kufotokoza chifukwa. Dongosolo lotere lilipodi, koma ndi la ku America, komwe amalitcha at-will employment. Kumeneko bwana akhoza kuchotsa wantchito popanda notisi kapena chifukwa, bola kusakhale kusankhana mtundu, chipembedzo kapena zina zoletsedwa, ndipo wantchito nayenso akhoza kusiya pomwe wafunira. Chigawo cha Montana chokha ndicho chidakana dongosololi ndi lamulo la mu 1987.

Ku Malawi kuno si choncho. Gawo 57 la lamulo la zantchito la mu 2000 likuti munthu sangachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo chifukwacho chikhale chokhudza khalidwe lake, kulephera kwake ntchito, kapena mavuto enieni a bizinesi. Ngati akuimbidwa mlandu wakuba kapena kujomba, ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza asanachotsedwe. Pathupi, kudwala kwa kanthawi kapena kulowa bungwe la ogwira ntchito si zifukwa zochotsera munthu.

Pamene amalonda ambiri amagwera ndi pa gawo 61. Nkhani ikapita kukhoti, si wantchito yemwe amayenera kuonetsa kuti adalakwiridwa. Ndi bwana yemwe ayenera kupereka chifukwa chomwe adamuchotsera. Akalephera, khoti limangotenga kuti munthuyo adachotsedwa mopanda chilungamo. Mwini golosale yemwe akukaikira kuti ndalama za m'kabati zikuperewera, koma alibe buku la katundu, mboni kapena kalata yochenjeza, amakafika kukhoti chimanjamanja ngakhale atakhala kuti adaberedwadi.

Nanga aganyu? Lamulo limazindikira mgwirizano wa ntchito yodziwika malire ake. Wopatsidwa munda kuti akumbe, kapena lole kuti akweze matumba, ntchito yake imatha mundawo kapena loleyo ikatha, ndipo palibe notisi yofunika. Vuto limabwera ndi "waganyu" yemwe wakhala akutsegula shopu m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu, kapena yemwe amayendetsa chigayo chaka ndi chaka. Gawo 28 likuti ngati munthu akugwira mokhazikika ntchito yomwe ndi ya masiku onse pa bizinesipo, amatengedwa ngati wantchito wokhazikika, kaya bwana amamutcha dzina lanji. Dzina loti ganyu silipulumutsa thumba la munthu.

Kutalika kwa notisi kumatengera momwe munthu amalandirira. Wolandira pa mwezi amafunika mwezi wathunthu. Wolandira pa sabata amapatsidwa sabata imodzi ngati sanakwanitse zaka ziwiri. Wolandira pa tsiku amapatsidwa tsiku limodzi ngati sanafike miyezi isanu ndi umodzi, ndipo nthawiyi imakwera akakhalitsa. Bwana yemwe sakufuna kumuonanso munthu pakhomo akhoza kulipira ndalama m'malo mwa notisi. Komatu notisi payokha siisandutsa kuchotsa kopanda chifukwa kukhala kolungama.

Tiyerekeze ndi wogulitsa m'golosale ya pa Dedza Boma yemwe amalandira K150,000 pa mwezi, wagwira zaka zitatu, ndipo wachotsedwa pakamwa chabe popanda mlandu. Notisi ndi K150,000. Ndalama ya severance, yomwe lamulo limaiwerengera pa malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, ndi pafupifupi K225,000. Chipukutamisozi sichingachepere malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse, zomwe ndi pafupifupi K112,500, ndipo khoti likhoza kuonjezera likaona momwe munthuyo wavutikira. Zonse pamodzi zikuyandikira K490,000, osawerengera masiku a tchuthi omwe sadapite. Kwa golosale ya pa trading centre, imeneyo ndi ndalama yokapikulira katundu.

Izi sizikutanthauza kuti olemba ntchito amangidwa manja. Gawo 59 limalola kuchotsa munthu popanda notisi akapalamula mlandu waukulu, akamanyozera dala malangizo oyenera, kapena akajomba popanda chilolezo ndi chifukwa chomveka. Chofunika ndi kumuitana, kumuuza mlandu wake, kumumva, ndi kulemba zomwe zakambidwa, makamaka pamaso pa mboni. Kwa antchito aluso, monga amakaniko kapena akalipentala, mbali ziwirizi zingagwirizane nthawi yoyesana yosaposa miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi aliyense akhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Malonda akagwadi, kuchepetsa antchito n'kololedwa, koma severance iperekedwe kwa yemwe wakwanitsa chaka.

Wantchito nayenso ali ndi mbali yake. Wolandira pa mwezi yemwe walandira malipiro Lachisanu n'kusowa Lolemba, chifukwa wamva kuti kwina akulipira bwino, waphwanya lamulo lomwelo la notisi. Eni malo odyera amadandaula kwambiri ndi mchitidwewu, ngakhale ndi ochepa omwe amaulondola.

Yemwe akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo ayambire ku ofesi ya leba ya boma la Dedza pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni. Kumeneko amaitana mbali zonse kuti zikambirane. Zikakanika, nkhani imapita ku khoti la milandu ya zantchito, la Industrial Relations Court, lomwe kwa anthu a ku Dedza lapafupi lili ku Lilongwe. Popita atenge chilichonse choonetsa tsiku lomwe adayamba ntchito ndi ndalama yomwe amalandira, ngakhale mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba omwe bwana ankatumizira malipiro.