Pulogalamu yaulere imene imasunga ziwerengero za zipatala zathu

Mwezi ukatha, zipatala za boma ndi za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM zimatumiza malipoti ku ofesi ya zaumoyo: ana angati abadwa, angati abayidwa katemera, angati apezeka ndi malungo. Ziwerengerozi zimalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta imene akatswiri a ku University of Oslo ku Norway amaiyang'anira, ngakhale gwero lake ndi ku South Africa m'zaka za m'ma 1990.

DHIS2 sagula. Mapangidwe ake onse ali poyera, moti katswiri wa ku Lilongwe akhoza kuisintha kuti igwirizane ndi mafomu athu popanda kupempha chilolezo ku kampani iliyonse. Ku Neno, a Abwenzi Pa Za Umoyo amasunga mbiri ya odwala mu pulogalamu ina yotere, OpenMRS.

Koma ulerewu uli ndi polekezera. Magetsi, intaneti ndi malipiro a kalaliki wolowetsa ziwerengero zimalira ndalama, ndipo zambiri zakhala zikuchokera kunja. Boma la America litadula thandizo lake mu 2025, funso la amene azilipira zimenezi silikuzembekanso. Oyendetsa zipatala za dayosizi ayenera kumuika kalalikiyu mu bajeti yawo, chifukwa lipoti likachedwa, mliri wa kolera kapena chikuku umadziwika utafala kale m'midzi.